Za Mailo Zili mu Mailo

Ndikati ndiwakumbukire amai Mumba, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la fumbi lotentha lotuluka kumbuyo kwa kompyuta yawo, losakanikirana ndi la mtedza wokazinga umene ankatafuna ali chiimire, ndi kugogoda kwa zala zawo pa kiyibodi kumene kunkamveka mpaka kwathu, kuseri kwa mpanda wa udzu. Ndikuti ali chiimire chifukwa mayi aja, kupatula tsiku limodzi lokha, sindinawaonepo atakhazikika pampando mphindi khumi zathunthu. Ankalemba mizere iwiri n'kudzuka kukasuzumira pazenera, pobwera n'kuwatukwana makinawo m'Chinsenga, kenaka n'kutuluka kukapirikitsa nkhuku zathu m'kadimba kawo ka repu, akulankhulabe okha za chimene chawakanika. Anthu a m'dera lathu ku Petauke ankati mutu wawo unatsala ku migodi. Ine ndinkangowaona ngati munthu amene nthawi zonse akuchedwa kwinakwake.

Ife tinali obwera. Tinachokera ku Katete atate atapeza ntchito yoyeza thonje, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Amama, amene nkhani sinkawadutsa, anaitola mbiri yonse ya mnansi wathuyo pampopi sabata yoyamba yomwe. Anali amasiye. Anagwira ntchito zaka zambiri pa makompyuta a ku migodi ku Kitwe, aja akale odzaza chipinda chonse, ndipo ntchito itatha anabwerera kwawo ndi thiranki imodzi ya zovala ndi kompyuta yakale yogula kwa mnzawo.

Tsiku lina amama anandituma kukatenga nkhuku yathu imene inalowanso m'repu muja. Ndinaiwala nkhuku, n'kuima pazenera kuyang'ana galasi lakuda lodzaza timalemba toyera tothamangira m'mwamba.

"Uyang'ana chani iwe wa ku Katete? Palibe filimu apa," anatero osacheuka n'komwe. "Ngati ufuna kuona, ngena. Ngati sufuna, chosa mutu pa windo, utsekeleza mphepo."

Ndinalowa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikaweruka kusukulu ndinkangoponya chikwama pakhomo, kudya mothamanga, ulendo kwa amai Mumba.

Kompyuta yawo inalibe zithunzi zodinapo ngati za masiku ano. Chilichonse unkachita kulemba. Ukalemba ls inkakuonetsa mayina a mafayilo ndi mafoda amene alipo. Ukalemba cp inkakopera, mv inkasamutsa kapena kusintha dzina, mkdir inkatsegula foda yatsopano, ndipo rm inkafufuta. Pa rm pamenepa ankandigwira dzanja mwamphamvu mpaka kuwawa. "Makina aya ni wanchito womvela koma wopanda nzelu," ankatero. "Ukamuuza kuti shoka nyumba na moto, safunsa kuti muli ndani mukati."

Chimene ndinkachikonda kwambiri chinali make. Amai Mumba ankalemba pulogalamu yawo m'chinenero cha C, mizere yambirimbiri ya mawu ndi mabulaketi imene munthu angathe kuiwerenga, koma kuti makina aigwiritse ntchito inkayenera kukompailidwa kaye. Ankandifotokozera kuti ndi chimodzimodzi kupita ndi chimanga kuchigayo: chimene walemba ndi chimanga, chotuluka ndi ufa, ndipo mukagwera kamwala kamodzi kokha chigayo chimaima. Ankalemba make, kudina batani, n'kuimirira manja ali m'chiuno. Zikalakwika, galasi linkadzaza madandaulo a Chingerezi otchula nambala ya mzere wolakwika, iwo n'kuyamba kukangana nawo ngati akukangana ndi wogulitsa tomato. Zikayenda bwino makinawo sankanena chilichonse, ankangobweza kachizindikiro kodikira lamulo lina. Ine ndinkadabwa kuti bwanji sayamikira. Iwo ankati ndi mmenenso alili mabwana.

Pulogalamuyo sinali ya masewera. Kachipatala kena ka mishoni cha ku Nyimba, njira yopita ku Mwape, kanalandira kompyuta, ndipo asisitere oyang'anira pamenepo ankafuna munthu woti aziigwiritsa ntchito. Chimene chinkawavuta chinali makadi a ana a sikelo: ankafuna kuti akafunsa, makinawo azitulutsa mndandanda wa ana amene aphonya katemera, mudzi ndi mudzi, kuti wa zaumoyo akwere njinga kukawalondola. Anawapatsa amai Mumba miyezi itatu kuti akaonetse chimene angathe. Ntchitoyo inali ndi nyumba yake, ya magetsi. Nyumba imene ankakhala ku Petauke inali ya msuweni wawo, mphunzitsi, amene ankabwerera mu Disembala kudzalowamo ndi banja lake. Ntchito ya ku Nyimba ikanakanika, kotsala kunali kumodzi kokha, kumunda kwa mlongo wawo ku Sandwe, kumene kulibe ngakhale waya wa magetsi. Dzina la Sandwe akalitchula ankadzuka pampando n'kuyamba kuzungulira m'chipindamo.

Panali liwu limodzi limene tinkasekana nalo. Kwathu ku Katete timati dzulo, timatinso mawa. Ku Petauke zonse ziwiri ndi mailo. Masiku oyamba linkandizunguza mutu, moti ndinapita kusukulu tsiku lina nditanyamula khasu chifukwa mnzanga anati mailo n'kulima, pomwe ankanena za dzulo lake.

"Nanga mumadziwa bwanji kuti akunena liti?" ndinawafunsa amai Mumba.

"Umamvela chabe. Ninayenda mailo, nizayenda mailo, sumvela kusiyana? Imwe a ku Katete ndimwe owononga, mau awili pa chinthu chimozi."

Pa kompyuta yawo panali mafoda awiri a ntchito imeneyi. Ina ankaitcha lelo, mmene ankalembamo. Inayo ankaitcha mailo, mmene ankasungamo kope ya ntchito ya dzulo kuti akaononga kanthu akhale ndi pobwerera. Madisiketi awo onse anali atafa ndi fumbi, ndiye chitetezo chawo chinali chomwecho. Ataona kuti zala zanga zazolowera, anandipatsa ntchito imeneyi kuti ikhale yanga. Ndikafika masana ndinkafufuta foda yakale polemba rm -r mailo, kenaka cp -r lelo mailo, kuti kope ikhale yatsopano. Ndinachita zimenezi masabata ambiri, mpaka zala zinkalemba zokha ine ndikuganiza zina. Ndinkanyada nazo zedi. M'kalasi mwathu monse munalibe wina amene anakhudzapo kompyuta.

Tsiku lokaonetsa linali Lachisanu, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Lachinayi lake ndinaweruka mofulumira, ndipo ndikudya amama anati:

"Esinati, anzako aja apita kutauni, akuti akagule madisiketi ndi kufunsa za minibasi. Kiyi ali pansi pa mtondo. Anasiya mawu akuti ndikuuze kuti za mailo zili mu mailo."

"Basi?"

"Basi. Ine ndangotumikira, zimene mumalankhula awirinu sindizimva."

Ndinaseka. Za dzulo zili mu foda ya dzulo, nanga zikanakhala kuti? Ndinaganiza kuti ndi nkhawa chabe ya munthu amene akupita kukayesedwa. Ndinatsegula chitseko, kuyatsa makina, n'kulemba lamulo langa la masiku onse. Sanafunse kanthu, anangobweza kachizindikiro kodikira. Ndinalemba lachiwiri, lokopera lelo. Apa ndiye anayankha, mzere umodzi wokha, kuti palibe fayilo kapena foda ya dzina limenelo.

Ndinaganiza kuti ndaphonya chilembo. Ndinalembanso pang'onopang'ono, yankho lomwelo. Ndinalemba ls. Pagalasi panalibe lelo, panalibe mailo, panalibe kanthu.

Pamenepo mpamene mawu aja anatembenuka m'mutu mwanga. Amai Mumba anali atamaliza pulogalamu m'mawa umenewo ine ndili kusukulu. Pokondwa, anachotsa kope yakale n'kusintha dzina la lelo kukhala mailo, kutanthauza za mawa, zopita nazo ku Nyimba. Kwa iwo uthenga unali womveka bwinobwino: za mawa zili mu mailo, usakhudze. Ine wa ku Katete ndinamva dzulo, n'kufufuta ntchito ya miyezi itatu ndi zala zanga ziwiri.

Kufikira apa ndimatha kudzikhululukira. Chimene ndinachita pambuyo pake ndicho chimandisowetsa mtendere mpaka lero. Thukuta lili kamukamu, ndinalemba mkdir mailo, kupanga foda yopanda kanthu ya dzina lomwelo, kuti akalemba ls aone ngati zonse zilipo. Sindikudziwa chimene ndinkayembekezera. Mwina kuti magetsi azima, mwina kuti makina adzafa okha usiku mlandu n'kukhala wawo. Mwana akachita mantha saganiza zopitirira mphindi zisanu kutsogolo.

Amai Mumba anafika posakhalitsa, atanyamula kabokosi ka madisiketi ndi botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Anali akuimba. Anasuzumira pagalasi, kuona dzina la mailo, n'kugwedeza mutu mokhutira kuti ntchito yatha.

"Yasila, Esi. Yasila yonse. Lelo tipumule."

Ndiye tsiku lija anakhala pansi. Anakhala pakhonde, miyendo atatambasula, nsapato atavula, n'kundithirira chakumwa m'kapu yawo yabwino. Anandiuza za nyumba ya ku mishoni, kuti ili ndi mtengo wa mango pakhomo, kuti patchuthi ndizikapita kukawathandiza, kuti adzapempha asisitere andilole kukhala pa kompyuta yatsopanoyo. Anatulutsa diresi yawo ya buluu kuti aisite, ine anandipatsa nsapato kuti ndipolishe. Ndinapolisha nsapato zija mpaka kudziona nkhope. Kangapo konse ndinatsegula pakamwa. Ndikayang'ana nkhope yawo, imene sindinaionepo itamasuka chotero, ndinkatsekanso n'kudziuza kuti ndinena akamaliza kusita, ndinena akamaliza kumwa. Chakumwa chija chinkandiwawa ngati mankhwala a malungo.

Atapachika diresi anati tikopere pa disiketi. Anakhala pa makina, kulowa mu foda ija, kulemba ls, koma sipanatuluke kanthu. Anaimirira. Anakhalanso. Anatuluka mu fodayo n'kulemba ls -l, lamulo limene limaonetsa ngakhale nthawi imene chinthu chinapangidwa, n'kuyang'anitsitsa pagalasi nthawi yaitali. Kenaka anayang'ana wotchi ya pamkono.

"Foda iyi yabadwa 13:50," anatero, mawu ali pansipansi. "Manje ni 15:05."

Ndinayamba kulira n'kumafotokoza za dzulo ndi mawa, za uthenga wa amama, zonse mosokonekera. Anakweza dzanja.

"Vokamba pambuyo. Lelo ni Chinayi, malaiti ayenda 18 awazi. Vala nsapato."

Masiku amenewo dera lathu ankalizimitsira magetsi Lachinayi lililonse 6 koloko madzulo, ndipo kubwera kwake kunalibe mwini. Tinali ndi maola osakwana atatu.

Tinathamangira kumsika. Amai Mumba anali ndi chizolowezi chosindikiza pulogalamu yonse papepala sabata iliyonse kuti aziiwerenga ndi cholembera, ndipo mapepala akatha ntchito ankapatsa amake Jelita, mayi wogulitsa vitumbuwa pafupi ndi pokwerera mabasi, kuti azikulungira malonda. Omaliza anawasindikiza Lolemba n'kuwapereka Lachitatu. Anthu ankatiyang'ana, mayi wamkulu akuthamanga chitenje chili m'manja, kamtsikana kakulira pambuyo.

"Amake Jelita, mapepala yaja. Yonse. Osang'amba na imozi."

"Ah, amai Mumba, nanga si munanipasa mweka? Yenangu yayenda kudala na makasitoma."

Anatulutsa mulu umene unatsala pansi pa beseni, wina utanyowa kale mafuta. Amai Mumba anagwada pafumbi pomwepo n'kuyamba kuwasanja potsata manambala a pansi. Anali masamba makumi atatu ndi limodzi, ife tinapeza makumi awiri ndi anayi. Ine ndinazungulira msika wonse maso ali pansi. Limodzi ndinalitola m'ngalande, lina ndinachita kulanda kwa bambo wokonza njinga amene anali akudya chitumbuwa chake mwamtendere, n'kumusiya atachigwira m'manja akundiyang'ana kukamwa kuli yasa. Masamba asanu omaliza sanapezeke. Amai Mumba atawerenga manambala anatseka maso, chifukwa m'masamba amenewo ndi mmene munali gawo lotulutsa mndandanda wa ana mudzi ndi mudzi, chenicheni chimene asisitere ankafuna.

Tinabwerera 4 koloko itakwana. Ine ndinkawerenga mokweza, iwo akulemba. Sindinaonepo zala zothamanga chotero. Ndinkatchula chilichonse, bulaketi yotsegula, bulaketi yotseka, kadontho ka mchira kotsekera mzere, ndipo pamene mafuta anadya zilembo ndinkakweza pepala kuloza kuzenera kuti kuwala kudutse. Pena ndisanamalize mzere iwo anali ataulemba kale kuchokera m'mutu. Chipinda chonse chinkanunkha vitumbuwa, ntchentche zikutizungulira, thukuta likugwera pa kiyibodi iwo n'kumalipukuta ndi chigongono osaleka kulemba. Amama anabwera pazenera kudzafunsa chimene chachitika, koma atangoona nkhope zathu anabwerera kunyumba.

Itadutsa 5 koloko analemba make koyamba. Madandaulo anatsika pagalasi osatha, mpaka oyambawo anathawira m'mwamba. Sanatukwane, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kutukwana. Ankawerenga nambala ya mzere, ine n'kuupeza papepala, n'kupeza kuti pamene ndinawerenga kadontho panali nyenyeswa ya chitumbuwa, kapena kuti ndinadumpha mzere wathunthu. Make kachiwiri, madandaulo anachepa. Kachitatu anatsala asanu ndi awiri. Maso anga ankangothamangira ku wotchi yawo. Kachisanu ndi chimodzi makina anakhala chete, n'kubweza kachizindikiro kaja.

"Disiketi," anatero. Ndinawapatsa, anakopera. Kenaka anatsegula fayilo yatsopano n'kuyamba gawo la mndandanda kuchokera m'mutu, milomo ikugwedera. Anali atalemba mizere ngati khumi ndi isanu pamene firiji ya a neba inaleka kulira, galasi n'kufota kukhala kadontho koyera pakati, kenaka mdima.

Anakhala akuyang'ana galasi lakufalo, manja ali pa kiyibodi. Kunja kunali kukadawala, ana akusewera mpira mumsewu.

"Yenda kwanu," anatero. "Uuze amako kuti mailo niyenda na iwe. Mailo wa kutsogolo."

Amama atamva nkhani yonse anavala chitenje chatsopano n'kupita kukapepesa. Anabwerako msanga. Akuti amai Mumba anangoti dzina la foda anapereka ndi iwo, mwana alibe mlandu pa zimenezo, ndipo madzi akatayika saoleka. Amama anaona ngati nkhani yatha bwino. Ine ndinamva bwino lomwe mawu akuti pa zimenezo.

Magetsi sanabwere mpaka pamene tinkanyamuka m'mawa. Tinakwera minibasi, ine nditafungata bokosi la kompyuta lokulungidwa m'chitenje, iwo atavala diresi ya buluu, kope la sukulu lili pabondo, akulemba gawo lotsalalo ndi cholembera. Minibasi ikagwa m'dzenje cholembera chinkathawa n'kujambula mzere mpaka m'mphepete, iwo n'kutsonya, kufufuta, kuyambiranso. Kondakitala anawafunsa ngati akulemba kalata ya chikondi, iwo n'kumangolembabe. Pa Nyimba azimayi ogulitsa nthochi anaunjikana pamawindo, ife n'kudutsa pakati pawo kukakwera njinga zonyamula anthu mpaka ku mishoni.

Linali tsiku la sikelo. Azimayi anali atadzaza pansi pa mtengo, ana akulira, sikelo ikulendewera panthambi. Asisitere anali munthu wachifundo koma wotanganidwa, ndipo anatiuza poyambirira pomwe kuti jenereta aiyatsa theka la ola basi, chifukwa mafuta ake anali osungira firiji ya katemera. M'chipindamo munalinso mnyamata wina wa tayi wochokera ku Chipata, amene anali ataonetsa kale pulogalamu yake dzulo lake.

Amai Mumba analumikiza bokosi lawo n'kuonetsa zimene zinkagwira ntchito. Analowetsa makadi atatu, dzina la mwana, mudzi, tsiku lobadwa, katemera amene walandira. Zonse zinayenda bwino, asisitere akugwedeza mutu.

"Tsopano tioneni mndandanda wa amene aphonya."

"Nipaseni mphindi zing'ono, asisitele."

Anatsegula kope lija n'kuyamba kulemba zimene analemba m'minibasi, anthu atatu titaima kumbuyo kwawo. Analemba make. Madandaulo. Anakonza, make, madandaulo ena. Mnyamata wa tayi anayang'ana kudenga, ndipo ndimamuthokoza kuti sanaseke. Ine ndinkaona khosi la amai Mumba likunyezimira thukuta, kolala ya diresi ija itada. Kachitatu inadutsa, koma atayiyendetsa inatulutsa dzina la mwana mmodzi yemweyo mobwerezabwereza mpaka galasi kudzaza. Anati akudziwa pamene palakwika. Panja wina anaitana asisitere kuti mwana wina watentha thupi kwambiri.

"Amai Mumba, ndikuona kuti ntchito mumaidziwa," anatero asisitere. "Koma amene anatipatsa makinawa akubwera Lolemba, ndipo ndiyenera kuwaonetsa chinthu chogwira ntchito. Chachitika n'chiyani? Munandiuza kuti mwatsala pang'ono."

Ndinawayang'ana amai Mumba. Ndinadikira kuti andiloze.

"Ninafufuta mwangozi, asisitele. Mukananipasa chabe ola imozi."

"Ola limenelo ndilibe, amai."

Jenereta inazima. Tinakulunganso bokosi m'chitenje.

Pobwerera anagula phava la nthochi pa Nyimba n'kundipatsa lonse, iwo osadyako ngakhale imodzi. Njira yonse ndinkadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna kuti atero, andimenye kumene, kuti chinthu chimene chinandikhala pachifuwa chitsike. Iwo ankangoyang'ana pawindo, bondo likugwedera, zala zikugogoda pachikwama ngati akulembabe. Titafika kunyumba anayatsa makina, ndipo gawo lija analimaliza tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe. Ndinayang'ana wotchi ya pakhoma. Zinawatengera mphindi makumi anayi. Mndandanda unatuluka bwinobwino, mudzi ndi mudzi, wopanda woti auone koma ine.

Masabata otsatirawo ndinaleka kupitako. Ndinkazemba, ndikawaona pampopi n'kukhotera njira ina. Iwo sanandiitane. Ndinkawamva kuseri kwa mpanda akukoka thiranki, akukhomera mabokosi, akupirikitsa nkhuku zathu ngati kale, koma kugogoda kwa kiyibodi kunali kutasiya.

Mlongo wawo anabwera ndi kalole kakang'ono mvula yoyamba itagwa, akufulumira kuti msewu wa ku Sandwe usanaonongeke akhale atafika. Ine ndinabisala m'khitchini. Ndinamva mapazi pakhomo pathu, kenaka mawu awo akulankhula ndi amama.

"Ali kuti wa ku Katete? Muuzeni achoke uko abwele anithandize, ivi vilema."

Ndinatuluka. Anali atanyamula bokosi la kompyuta, mlongo wawo ali pambuyo ndi galasi lake. Anaziika patebulo lathu lodyera, n'kulumikiza mawaya okha, mofulumira monga mwa masiku onse.

"Ku Sandwe ingakhale chabe nyumba ya makoswe," anatero. Kenaka ananditembenukira. "Kufufuta aliyense amafufuta, Esi. Ine ku migodi ninafufutapo vikulu kupambana vija. Koma ninauka pamene apo, kuyenda kukakamba. Iwe unanisiya nikhale pakhonde, nimwe vozizila, nisite dilesi."

"Pepani, amai. Ndinkaopa. Munali okondwa."

"Niziba. Ndiye chifukwa chake sin'nakumenye." Anayang'ana panja, kumene hutala inali kulira. "Koma ola ija ni yanga, nifuna unibwezele. Siku iliyonse ola imozi pa makina aya, olo ulwale, olo kuli maliro. Wamvela?"

"Ndamva. Mpaka liti?"

"Nizakuuza nikabwela."

Anakwera kutsogolo kwa lole, ndipo isanakhote pakona ndinawaona akukangana kale ndi dalaivala, dzanja likuloza msewu.

Sanabwere. Anadwala chaka chachitatu ali komweko, nthawi ya dzinja mitsinje itadzaza, ndipo uthenga unatipeza ataikidwa kale. Anthu amene anawaona amati ankalima thonje mofulumira kuposa aliyense, ndipo mzere ukatha ankaima n'kumayang'ana kumsewu. Kiyibodi sanaikhudzenso.

Ine ndinakhala pa makina aja tsiku lililonse, poyamba chifukwa cha mantha, kenaka chifukwa sindikanathanso kuleka. Lero ndimalemba mapulogalamu ku Lusaka, ndipo anzanga a kuntchito amandidziwa ndi khalidwe limodzi limene amaliseka. Ndikaononga kanthu, kaya kakang'ono bwanji, ndimadzuka nthawi yomweyo, kupita kukanena ndisanayese n'komwe kukonza. Wina wachinyamata akabwera kwa ine maso ali pansi kuti wafufuta chinthu, funso langa loyamba silikhala lakuti wachita bwanji. Ndimafunsa kuti zachitika nthawi yanji.

Amandinenanso kuti sindikhala pansi, ndipo n'zoona. Nthawi zina madzulo, ena onse akulongedza, ndimapezeka ndatsegulanso galasi lakuda popanda ntchito yeniyeni yoti ndichite, n'kukhalapo mpaka ola likwane. Ndabweza maola masauzande ambiri tsopano, ndipo maolawo andipatsa ntchito, nyumba ya magetsi ndi sukulu ya ana anga. Onsewo ndadya ndine. Mwini wake wa ola lija sanalandirepo ngakhale mphindi imodzi, ndipo palibenso wina amene angandiuze kuti basi, zakwana.